Bwanji Peugeot 504 yanga yakale sindikuiiwala pomwe ndili ndi galimoto yoiposa?

Giya_Yapachiwongolero analemba:

Akuluakulu okonda magalimoto, tandimasulani. Galimoto imene ndili nayo panopa ndi yabwino, sindingainamizire. Imalira ndikangodina batani, mafuta imamwa pang'ono, mkati mumazizira, mabuleki ake ndi a ABS, aja oteteza kuti matayala asakhwekhwereze ukaponda mwamphamvu. Koma ndikaimika ndimangokhoma n'kumapita, osatembenuka n'komwe kuti ndiiyang'ane. Imene imandizungulira m'mutu mpaka lero ndi Peugeot 504 imene ndinagulitsa kalekale, yoyererako, ya giya ya pachiwongolero.

Achinyamata ena mwina mumangoiona pazithunzi. 504 inatuluka mu 1968, ndipo mu 1969 inasankhidwa kukhala galimoto ya chaka ku Ulaya. Maonekedwe ake anakonza ndi a Pininfarina a ku Italy, n'chifukwa chake buti yake imachita kupindikira pansi mwaulemu kumbuyoku. Koma ife sitinaikondere nkhope. Tinaikondera miyendo. Masipuling'i ndi mashoko ake amakwera ndi kutsika mtunda wautali, moti dzenje limene galimoto zina zimagunda mpaka mano kuluma lilime, iyo inkangolimeza, wokwera kumbuyo osadzuka kutulo. Dalaivala Ove Andersson anapambana nayo mpikisano wa magalimoto wa Safari Rally mu 1975, ndipo ku Kenya anapitiriza kuimanga mpaka 2004, ku France ataisiya kalekale.

Zimenezo ndi za m'mabuku. Zanga n'zakuti galimoto ija ndinkaidziwa. Kukazizira m'mawa ndinkakoka tchoko, kachogwirira kothandiza injini yozizira kulira, kuponda mafuta pang'ono, kupotokola kiyi, kenaka kumabweza tchokoyo pang'onopang'ono ndikumvetsera. Ikayamba kutsokomola pokwera mtunda ndinkadziwa kuti ndi mapointi, tizitsulo ta m'disitiributa yogawa moto ku mapulagi, ndiye Loweruka ndinkavundukula disitiributayo, kuwapala ndi kasandipepa, kuyeza mpata wake, n'kutembenuza disitiributayo pang'ono mpaka injini italira mosalala. Zida zake zonse zinkakwana m'kachikwama kamodzi. Ya panoyi ndikatsegula boneti ndimangoona chipulasitiki chakuda chavindikira zonse, ndipo kagetsi kakayaka pa dashibodi ndilibe chonena, ndimapita kwa amakanika kuti akaifunse pa kompyuta.

Ndiye funso langa ndi ili: kodi galimoto timaikonda chifukwa cha ubwino wake, kapena chifukwa tinaigwiragwira ndi manja athu mpaka tinazolowerana? Imene imakuwawani mukaikumbukira ndi iti? Ndipo alipo amene amakonda galimoto yamakono mpaka kufika pamenepa?

Dizilo240 anayankha:

Achimwene, ine kukumbukira sindikudziwa, chifukwa yangayo sindinagulitse ndipo sindigulitsa. Ndi Mercedes-Benz 240D, ya thupi lija amati W123. Anazipanga kuyambira 1976 mpaka 1986, pafupifupi 2.7 miliyoni, ndipo oyendetsa matakisi m'mayiko ambiri ndi amene anaitchukitsa.

Liwiro musayembekezere. Injini yake ya dizilo ya malita 2.4 ili ndi mahosipawa ongopitirira 60 kapena 70, kutengera chaka, pomwe thupilo ndi lolemera. Ukafuna kupitirira lole umayamba kuganiza udakali kutali. M'mawa umadikira kaye kuti mahita atenthe, sithamangitsidwa. Koma ikangolira, basi. Pampu yake ya mafuta ndi yamakina okhaokha, sidalira magetsi kuti injini ipitirize kuyenda.

Chimene chimadabwitsa alendo n'chakuti injini imeneyi imazimitsidwa ndi mpweya woyamwa. Timachubu tikakalamba n'kuyamba kupuma, munthu umazula kiyi galimoto ili chilirire, ndipo opanga anadziwiratu zimenezi: anaika kachitsulo kolembedwa STOP pa injini, umangotsegula boneti n'kukadina. Maloko a zitseko nawonso ndi a mpweya womwewo.

Pa funso lanu, ine sindikuti ndi manja okha. Ndi kukhalitsa. Ana anga anaikwera ali m'manja, lero amaiyendetsa okha, ndipo chitseko chikatsekedwa chimamveka chimodzimodzi monga kale. Galimoto yoti usinthe pakangopita zaka zochepa ungaikonde nthawi yanji?

Mayi_a_Hybrid anayankha:

Abambo inu, mundikhululukire, koma mukulira unyamata wanu, osati 504. Nthawi imeneyo msana unali wolimba, kugona pansi pa galimoto kunali kusewera. Lero atakubwezerani, mungaipirire? Mungapotokole chiwongolero chouma chija poimika pamalo opanikiza? Ndipo tisanamizane, galimoto zambiri za nthawi imeneyo zinalibe ma airbag kapena ABS. Ine ana sindingawanyamulire m'menemo ulendo wautali, ngakhale mipando ikhale yofewa bwanji.

Yanga yoyamba inali Toyota Corolla ya m'ma 1990, ya injini ya 4A-FE. Sindinaitsegulepo kalikonse ndi sipanala. Oyilo pa nthawi yake, lamba wa taimingi pa nthawi yake, basi. Tsiku limene wogula anabwera kudzaitenga ndinalowa m'nyumba kuti ndisaione ikutuluka pageti. Ndiye musandiuze kuti chikondi chimafuna zikhadabo zakuda. Ndinaikonda chifukwa sinandichititsepo manyazi pamaso pa anthu. Si pachabe kuti dzina limeneli, chiyambire 1966, lagulitsa magalimoto oposa 50 miliyoni.

Mwafunsa ngati alipo wokonda yamakono. Ndine pano. Ndili ndi Toyota Prius, yoyendera petulo ndi batire, mtundu umene unayamba ku Japan mu 1997, ndipo ndimaidziwa monga inu munkadziwira yanu, kungoti njira yake ndi ina. Ndimadziwa poyenera kuchotsa phazi kuti injini izime yokha, ndiyende ndi batire mwakachetechete. Potsika mtunda ndimaponda buleki mofatsa kuti mphamvu ibwerere m'batire, n'chifukwa chake mapadi a mabuleki amakhalitsa modabwitsa. Pambali pa mpando wakumbuyo pali polowera mpweya woziziritsa batire lalikulu, ndimapayeretsa ndekha ndipo sindilola munthu kutsekapo ndi chikwama. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, achimwene. Yanuyo mwaiyesa kuimvetsera, kapena mwangoikwiyira chifukwa ilibe tchoko?

KaBeetle anayankha:

Madala, ine ndine wamng'ono pano koma ndilowererepo. Kuyendetsa ndinaphunzirira pa Volkswagen Beetle ya agogo anga aamuna. Injini ili kumbuyo, rediyeta palibe, imazizira ndi mphepo basi. Batire lili pansi pa mpando wakumbuyo. Chimene chinkandiseketsa n'chakuti madzi otsukira galasi ankakankhidwa ndi mpweya wa tayala la sipeya, ndiye ukafuna kuti apope bwino umakapopa sipeyayo. Agogo ankandidzutsa m'mamawa kuti tiyeze mavavu injini isanatenthe, chifukwa ikatentha muyezo umanama. Yomaliza ya mtundu umenewu inatuluka ku Puebla, ku Mexico, mu 2003, atapanga zoposa 21 miliyoni.

Koma pa za kompyuta zija ndikutsutsaniko pang'ono. Pansi pa chiwongolero cha galimoto yanu pali kasoketi ka OBD2. Pali timakina tating'ono tolowetsa pamenepo, timalumikizana ndi foni, ndipo mumawerenga nokha chimene chayatsa kagetsi kaja, kutentha kwa injini, ngakhale silinda imene ikuphonya. Galimoto zatsopano zimalankhulabe, chilankhulo ndi chimene chinasintha.

Giya_Yapachiwongolero anayankha:

Mayi, mwandilasa, koma theka lokha. Msana unathadi, chimenecho sinditsutsa. Komabe ndinakhalanso ndi galimoto zina m'zaka zomwezo, msana uli womwewo, ndipo sindizilota. Ina ndaiwala ngakhale mtundu wa mipando yake. Ndiye si unyamata wokha. Nkhani ya Corolla yanu ndiyo yandisokoneza, chifukwa ikugwetsa mfundo yanga ya manja, ndipo yankho ndilibe.

Mwana wanga KaBeetle, kamakinako ndikafuna. Koma kuwerenga nambala pa foni ndi kumva ndi khutu kuti injini yakhala bwino utangotembenuza disitiributa, ine ndikuona kuti n'zosiyana.

A Dizilo240, inu amene mumasunga zakale: nditapeza 504 yoti ndiziyenda nayo Lamlungu lokha, ndiyambire pati kuiyang'ana?

Dizilo240 anayankha:

Yambirani pansi, osati pa injini. Injini imakonzeka, dzimbiri ndiye limapha galimoto zakale. Tukulani makapeti onse muone pansi, gogodani m'munsi mwa zitseko ndi m'mphepete mwa matayala. Tengani kamaginito: pamene sikakugwira, pamenepo anamatapo phala n'kupentapo. Muuze mwini wake kuti asailize inu musanafike, mukaione ikulira yozizira, ndipo muime kumbuyo muone utsi. Wabuluu ndiye kuti ikudya oyilo. Mapaipi a mabuleki ndi a mafuta musinthe onse musanayende ulendo uliwonse, ngakhale akuoneka abwino, pakuti labala amauma ndi zaka. Magalasi, magetsi akutsogolo ndi tizitsulo tonyezimira tija zikhale zonse, chifukwa zimenezo n'zimene zimavuta kupeza kuposa mapisitoni.