Waya ndi kapu ya pulagi pa njinga ya CDI, ndigule ziti?

Kabaza wa ku 25:
Akuluakulu ndithandizeni. Njinga yanga ndi 150cc ya ku China, ya CDI (kabokosi kaja koyendetsa moto wa pulagi), kunja kukakhala kouma imalira bhobho koma mvula ikangowaza pang'ono imayamba kudukizadukiza mpaka kuzima, dzana yandichititsa manyazi ndili ndi kasitomala kumbuyo tinachita kukankha. Usiku ndaona timoto ta buluu tikuthetheka pa kapu paja. Ndiye pashopu andionetsa makapu awiri, ina yotchipa yopanda cholembedwa ina yalembedwa 5K. Mlamu wanga akuti angondipatsa waya wa galimoto yake yakale. Ndipange bwanji?

Makanika Ndirande:
Aise waya wa galimotoyo musiyeni kaye. Wambiri wa galimoto mkati mwake mulibe kopa, muli kachingwe ka kaboni, pomwe kapu ya njinga ili ndi kasikuluwu mkati kamene kamayenera kuluma tinsambo ta kopa mukamapotokola. Pa kaboni kamangonyenya, mawa lake mwakhwepa. Pezani waya wa kopa wa 7mm basi.

Za 5K zo ndiye kuti mu kapumo muli resistor ya ma ohm 5,000. Ntchito yake ndi kuchepetsa phokoso la magetsi lomwe moto wa pulagi umatulutsa, lija limachititsa wailesi kukhetchera njinga ikamadutsa pafupi, ndipo ma CDI ena makamaka a digito amasokonezeka nalo. Tsono onani pulagi yanu. Za kampani ya NGK zokhala ndi R pa dzina, monga DR8EA kapena CR7HSA, resistor ili kale mkati. D8EA ndi C7HSA mulibe. Ngati yanu ilibe R gulani ya 5K osaganizanso kawiri.

Kabaza wa ku 25:
Ndatsegula, yalembedwa D8TC. Nanga nditaika zonse ziwiri za resistor zipsa?

Makanika Ndirande:
D8TC ilibe, tengani ya 5K. Kupsa ayi, njinga zambiri zimachokera ku fakitale zili ndi zonse ziwiri ndipo zimayenda. Kungoti koyilo, ija imatumiza magetsi ku pulagi, ikakhala yotopa kale ine ndimasiya imodzi, kuti m'mawa musakike mpaka thukuta. Choipa ndi kusowa zonse.

Madala a Gule:
Kuonjezerapo pa zomwe anena amakanikawo, musanalipire uzani mwini shopu akupatseni mita yoyezera magetsi muyeze kapuyo pompo, ikani pa 20k, chingwe china pa kasikuluwu china mkati molowa pulagi, iwerenge pafupi ndi 5. Ine ndinagulapo yolembedwa dzina lotchuka, kufika kunyumba mita osawerenga kalikonse, nditaiphwanya mkati munali dzimbiri lokhalokha. Fake yachuluka abale.

Muonenso mutu wa pulagi. Makapu ena amagwira pa mazinga, ndiye kanati kakumutu kaja mumayenera kuchotsa, ena amafuna kakhalepo. Pa makapu a NGK, yothera ndi F ngati LD05F ndi ya mazinga, yothera ndi E ndi ya kanati. Mukasemphanitsa imangokhala gwedegwede. Ndipo timalabala tiwiri tija ta pa kapu, kumtunda ndi kumunsi, musataye, vuto lanu la mvula lagona pamenepo.

Mai Spanner:
Mwina simufunikanso waya watsopano achimwene. Potokolani kapu yakale, muone kunsonga, mukapeza kopa wabiriwira kapena wada dulani ka sentimita imodzi mpaka aoneke wonyezimira. Pa tinjinga tambiri wayayo anamumatira mu koyilo, sachoka, ndiye akakhala kuti wang'aluka paliponse ndi kugula koyilo yonse. Selotepi ayi, magetsi ake ndi ma volt zikwizikwi amaboola. Komanso musamakike kapu ili lende pulagi isanagunde chitsulo cha injini, mupha koyilo kapena CDI.

Kabaza wa ku 25:
Zatheka. Kapu yakale inali ndi mng'alu pansi, waya ndangodula pang'ono. Yatsopano yawerenga 4.9, ndathira madzi ndi botolo ili chilirire osazima. Mai Spanner fanta yanu ndasunga kkkk