Aphunzitsi anzanga, ndiwayankhe bwanji ana pa filimu ya William Kamkwamba?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimaphunzitsa sayansi pa sekondale yoyendera kuno ku Dowa. Lachisanu ndinaonetsa ana a Fomu 2 filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, yomwe inatuluka mu 2019. Ndi nkhani ya William Kamkwamba, mnyamata amene anapanga makina oyendera mphepo opangira magetsi, omwe m'filimumo amapopa madzi nthawi ya chilala. Tinakhoma nsalu yoyera pakhoma, mazenera n'kutseka ndi zitenje. Pamene madzi anayamba kutuluka m'paipi, kalasi yonse inaimirira, ena misozi ili mbwembwembwe.

Lolemba mtsikana wina anabwera ndi dayinamo ya njinga ya bambo ake, ataikulunga m'jumbo. Akuti tiyeni tipange zomwezija, dimba lawo lauma. Mtima unandipweteka. Dayinamo yotere mphamvu yake ndi yongoyatsira getsi la njinga, ndipo magetsi ake ndi AC, osinthasintha mbali yoyendera, salowa m'batire popanda dayodi, kachipangizo kowayendetsa mbali imodzi. Ndiponso makina oyamba amene Kamkwamba anaimika kwawo ku Wimbe, ku Kasungu, ali ndi zaka 14, anali oyatsa mababu ndi kuliza wailesi. Zopopa madzi zinadza patapita zaka. Filimu inaphatikiza zonsezi ngati zinachitika m'chilala chimodzi.

Ndimuuze zoona zonse lero lomwe, kapena ndimulole ayese aone yekha? Ndikuopa kuzimitsa moto umene wangoyaka kumene.

Chinanso, makolo awiri adandaula kuti ndaonetsa ana gule wamkulu, poti amaonekamo pa maliro.

Mayi wa ku Kasungu: Aphunzitsi, mwanayo musamunamize. Muuzeni kuti mnzakeyo anayamba ndi babu limodzi, kenako anayi. Njala ya 2002 ndinaiona ndi maso, tinkadya gaga. Ndiye filimuyo sinaname pa njala, yangofulumizitsa madzi.

Bambo wokonza mawailesi ku Mchesi: Achimwene, musamubweze ndi dayinamoyo. Pezani gudumu la njinga, dulani paipi ya pulasitiki muiwongole pamoto ikhale mapiko, mumangirire pa mtengo wa bulugamu. Babu laling'ono likangoti phethi, mwanayo adzafunsa yekha chifukwa chake pampu ikukana. Apo m'pamene mulowetse nkhani ya mavoti ndi mawati, miyezo ya magetsi.

Mlongo wa ku Johannesburg: Ine chinandivuta ndi Chichewa chake. Chiwetel Ejiofor, amene anasewera ngati bambo a William, anayesetsa, koma mawu ena ndinkachita kuwerenga Chingerezi cha m'munsi kuti ndimve. Ana anu sanaseke?

Agogo a ku Dedza: Za gulezo mwanawe, pitani kwa makolowo mwaulemu, mutenge ahedi. Ana a ku Dowa gule amamuona kumaliro kwawo komwe. Filimu sinaulule za kudambwe.

Wolemba funso: Zikomo nonse. Alongo, anaseka pang'ono poyamba, njala itafika anangoti zii. Bambo a ku Mchesi, paipiyo ikhale yotalika bwanji pa gudumu la njinga yakapalasa? Tikufuna tiyambe Loweruka.