Ana akundivuta kugona masana, ndithandizeni nzeru

Amayi anzanga, ine ndimasunga ana anayi pakhomo panga kuno ku Area 25 makolo awo akapita kuntchito. Chikundisowetsa mtendere ndi tulo ta masana.

Pali kamwana ka miyezi 7 komwe kanazolowera kugonera kumbuyo. Mayi ake anandiuza kuti ndisamakalekerere kakulira, ndizikabereka mpaka kagone. Ndimaterodi, koma ndikangomasula chitenje kuti ndikagoneke pamatiresi, maso tong'o, kenako kukuwa, anzake onse dzambatu. Uku phala likupserera pambaula, msana nawo ukuwawa.

Wina wa chaka ndi theka, bambo ake safuna kuti azigona ikapitirira 2 koloko, ati usiku amawavutitsa. Komatu nthawi imeneyo mwanayo amakhala akusinza supuni ili m'manja. Ndizimudzutsa ndithu?

Chimodzi chokha ndinakanitsitsa: agogo ena anapempha kuti mdzukulu wawo ndizimugoneka chafufumimba. Mwana wosakwana chaka ine ndimamugoneka chagada basi, popanda pilo.

Inu amene mumasunga ana, wozolowera kumbuyo mumamuphunzitsa bwanji kugona pansi? Nanga makolo mumawauza motani kuti asakhumudwe n'kukuchotserani mwana?