Mwana amalira madzulo alionse, bambo ake afika pomugwedeza

Mayi wa ku Chinamwali:
Amayi anzanga, ndithandizeni maganizo. Mwana wanga ali ndi milungu 6. Dzuwa likangolowa kuseri kwa phiri amayamba kulira, mpaka cha m'ma 10 koloko usiku. Kuyamwa amayamwa bwino, thewera louma, thupi silitentha, ku sikelo akuti akukwera. Nyumba yathu ndi ya mdadada, ndiye aneba amafika pogogoda khoma. Dzulo bambo ake atatopa anamugwira m'khwapa n'kumugwedeza mwamphamvu, amvekere "takhala chete iwe!", kamutu kakungopita kutsogolo ndi kumbuyo. Ndinamulanda. Iwo akuti ndikukokomeza, ana onse amavinitsidwa. Zoona zimenezi?

Namwino wopuma, Matawale:
Mayi, munachita bwino kumulanda. Kuvinitsa mwana kumsana ndi nkhani ina, kumugwedeza mwaukali ndi inanso. Khanda lili ndi mutu waukulu koma khosi n'losalimba. Mukaligwedeza, ubongo umawombana ndi chigaza, timitsempha timaduka, magazi n'kumatayikira m'mutu ndi kuseri kwa maso, kunja osaoneka bala lililonse. Kamphindi kochepa n'kokwanira kuti mwana achite khungu, ayambe kukomoka, alumale kapena amwalire.

Pitani naye ku chipatala cha Zomba Central lero lomwe, ndipo mukanene zoona kuti anagwedezedwa. Mukabisa, madokotala azikafufuza malungo nthawi ikupita. Ngati akusanza, akukana bere, akungogona osadzidzimuka, akupuma movutikira kapena liwombo latupa, pezani galimoto pompano.

Kulira kwa madzuloku kumakula mwana akafika milungu 6 mpaka miyezi iwiri, ndipo kwa ambiri kumachepa pa miyezi itatu kapena inayi. Sikuti mkaka wanu ndi wochepa ayi. Musamupatse madzi, phala kapena mankhwala azitsamba, bere lokha mpaka miyezi 6.

Agogo a ku Sadzi:
Mwanawe, amene akuyenera kulangizidwa ndi bamboyo. Mawu ako sakuwamva, ndiye uwauze ankhoswe, amuna amamvana okhaokha. Khandalo ukaliyamwitsa uzilikoleka paphewa lizigeya, kenako uliike pachifuwa khungu kwa khungu, ulifunditse chitenje, uziyenda nalo pakhonde. Aneba asiye agogode, nawonso analirapo.

Bambo wa kabaza, Mpondabwino:
Ine ndiyankhulepo ngati mwamuna. Wapalasa tsiku lonse, wafika miyendo ikunjenjemera, mwana wangoti kukamwa yasa, mtima umatenthadi. Kwathu tinapangana kuti amene waona kuti mkwiyo ukukwera azimugoneka mwana chagada pamphasa kapena m'kabedi kake, popanda pilo, n'kutuluka panja mphindi 5 kapena 10. Ndimasamba kumaso, kuima pampanda, ndikabwerera mtima uli m'malo. Mwana wolira pamphasa savulala. Ndipo zimenezi muuzenso mtsikana wantchito ndi akulu ake a mwanayo, pajatu timasiyira ana kulera anzawo. Bambowo akabwereza, imbani 116, nambala yaulere ya chitetezo cha ana, amayankha ndi a bungwe la YONECO la konkuno ku Zomba.

Mayi wa ku Chinamwali:
Zikomo nonse. Ndili mu minibasi pano, buku la ku sikelo ndatenga. Achimwene anga abwera madzulo kudzakhala nawo pansi alamu awo.