Ophunzira akuchepa, Council ikufuna pulogalamu yatsopano: tiyambire pati?

Amayi Tembo: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndimayang'anira dipatimenti ya zamalonda pa yunivesite ina yomwe si ya boma kuno ku Lusaka. Ophunzira a digiri akungocheperachepera, makamaka kalasi ya madzulo imene kale tinkachita kubwereka mipando. Council ya yunivesite yathu yati ophunzira a mu January asanabwere, ndikhale nditapeza pulogalamu yatsopano yokopa anthu. Ena akuti tiyambe unamwino poti ndi umene uli ndi msika. Tulo sindikuuona nayo nkhaniyi.

aPhiri: Amayi, za unamwinozo muziiwale kaye. Anthu anathamangirako boma litalemba ntchito a zaumoyo oposa 11,000 mu 2022, ndipo pano makoleji ake ali paliponse. Pafunika chipinda chophunziriramo chokhala ndi mabedi ndi zidole zake, chipatala chovomera kulandira ana anu, chilolezo cha Nursing and Midwifery Council komanso cha HEA, bungwe loyangʼanira maphunziro apamwamba. January ameneyo adzakupezani mukadali pa mapepala.

Ine ndili ku registry, ofesi yolembetsa ophunzira. Funso langa ndi ili: anthu amene amabwera kudzafunsa nʼkubwerera osalembetsa, mumalemba zimene amafuna? Ife tinaika kope pa tebulo la mtsikana wolandira alendo, mizere itatu basi: akufuna chiyani, amagwira kuti, chamulepheretsa nʼchiyani. Titaliwerenga tinapeza kuti ambiri sankakana maphunzirowo ayi. Ankakana 17:30 pakati pa sabata, poti munthu woweruka mʼtauni sangadutse Great East Road nthawi imeneyo nʼkufika kalasi isanathe theka. Ena ankafuna kulipira mwezi ndi mwezi akalandira. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

aZulu: Ndiwonjezere pa za aPhiri. Tsatani kumene ndalama ikupita. CDF, ndalama ya boma ya chitukuko cha mʼmadera, inachoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse mu 2022, ndipo yakhala ikukwerabe. Ndalama imeneyi ikudutsa mʼmanja mwa ma cooperative, magulu a amayi, achinyamata ndi makontrakitala angʼonoangʼono omanga makalasi ndi kukhoma madesiki. Ambiri ntchito ya manja amaidziwa bwino, chimene chimawagwetsa ndi mapepala. Mnyamata wina wowotcherera ku Kalingalinga anandionetsa tenda yake: mitengo ya zitsulo anailemba bwinobwino, koma anaiwala mayendedwe ndi msonkho, moti akanapambana akanagwira ntchito yaulere. Onjezanipo e-GP, njira yopikisanirana matenda a boma pa intaneti ya bungwe la ZPPA, ndi Smart Invoice, njira yolembera ma invoice pa intaneti imene ZRA, bungwe lotolera misonkho, inabweretsa mu 2024. Zonsezi ndi za dipatimenti yanu, aphunzitsi muli nawo kale. Kosi ya Loweruka lokha, masabata ochepa, munthu abwere ndi mapepala a bizinesi yake yeniyeni.

Amayi Banda: Nzabwino, koma ine wa quality assurance, woona ngati maphunziro akukwaniritsa miyezo, ndichenjeze. Digiri kapena dipuloma yatsopano musaiike pa Facebook kapena pa wailesi HEA isanaivomereze. Lamulo la maphunziro apamwamba la 2013 ndi limene linakhazikitsa bungweli, ndipo amaonadi ngati muli ndi aphunzitsi oyenera, mabuku ndi zipinda. Mwana akamaliza nʼkupeza kuti ZAQA, bungwe lotsimikizira mapepala a maphunziro, sikulizindikira pepala lake, amene amalira ndi kholo limene linagulitsa ngʼombe ku Katete. Zimandiwawa kwambiri zimenezi.

Pa makosi aafupi, auzeni anthu poyera mtundu wa satifiketi imene adzalandire. Komanso ma bursary a luso a CDF amapita ku masukulu olembetsedwa ndi TEVETA, bungwe loyangʼanira maphunziro a luso, ndiye musalonjeze kuti khansolo ya dera lawo idzawalipirira musanafufuze.

Amayi Tembo: Ndamva amayi. Koma Council ikufuna digiri, kosi ya Loweruka aziti ndi yaing'ono.

aMwale: Auzeni kuti kosi yaifupi ndi poyesera msika. Ikadzaza kawiri katatu, muli ndi umboni wolembera digiri, ndipo ena mwa anthu omwewo ndi amene adzalembetse. Ikapanda anthu, mwataya choko chokha.

Ine ndimaphunzitsa za magetsi. Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, magetsi nʼkusowa, sola inalowa mʼnyumba, mʼsaluni ndi mʼmabutchala. Amisiri oika alipo. Osowa ndi anthu odziwa kuwerengera kasitomala mtengo, kugulitsa pa ngongole yolipira pa foni, ndi kusunga bwino katundu mʼsitolo. Pitani nokha ku Kamwala ndi ku industrial area, mukhale pansi ndi eni mashopu. Kalata sayankha, koma munthu akabwera amalankhula mpaka kukuonetsa mabuku. Ngati nʼkotheka gwirizanani ndi koleji ya luso, iwo aphunzitse mawaya, inu ndalama.

aPhiri: Musaiwalenso ana anu akale. Aimbireni, muwafunse chimene anakachipeza ku ntchito chomwe simunawaphunzitse. Ambiri adzatchula Excel ndi mapulogalamu a akaunti. Zimenezo mungazilimbikitse mʼmakosi amene alipo kale.

aZulu: Ndipo za mtsogolo: sukulu yaulere mpaka Grade 12 inayamba mu 2022, ndiye omaliza sekondale achuluka zaka zikubwerazi. Ambiri ndi a mʼmabanja osowa. Amene adzakonze malipiro a pangʼonopangʼono ndiye adzawatenge.

Amayi Tembo: Zikomo nonse, mtima wakhalako pansi. Kope lija ndiliika mawa. Kalasi imodzi ya madzulo ndipempha isamukire Loweruka teremu ikubwerayi. Kwa Council ndipita ndi makosi awiri aafupi, ya matenda ndi misonkho, ndi ya bizinesi ya sola, digiri tidzakambe tikaona manambala. Amayi Banda, ndingakutumizireni zimene ndalemba Lachisanu lisanafike?

Amayi Banda: Tumizani. Muikemo maola a phunziro lililonse, mmene mudzayesere ophunzira, ndi maphunziro a aphunzitsi ake. aMwale, inunso muonepo mbali ya sola.

aMwale: Ndilipo. Lachitatu masana ndilibe kalasi, ku Kamwala tingapitire limodzi.