Tracker pa njinga ya kabaza: imathandizadi ikabedwa?

Nachisale:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikufuna kuika tracker, kachipangizo koonetsa pomwe njinga ili, pa njinga yamoto ya kabaza. Ena akuti ndigule ya mawaya yolumikiza kubatire, ena akuti AirTag, kachipangizo ka kampani ya Apple kopezera zinthu zotayika, ikwanira. Yabwino ndi iti, nanga imabisidwa pati?

Makanika wa ku Mchesi:
Mayi, gulani ya mawaya. Kachipangizoka kamamvera masetilaiti a GPS omwe ali m'mwamba pafupifupi makilomita 20,200, ndipo kamafuna anayi kuti kadziwe pomwe kali. Kakadziwa, kamatumiza malowo ku foni yanu kudzera pa SIM khadi yomwe ili m'kati mwake. Pabwalo kamaphonya ndi mamita 5 kapena 10 basi.

Zambiri zimabwera ndi mawaya anayi. Wofiira umapita ku + ya batire, ndipo pasalephere kukhala fyuzi ya 1A kapena 2A. Wakuda umapita ku bodi. Wa olenji ndi wa kiyi, ndiwo umakuuzani kuti njinga yalizidwa. Wachikasu ndi wa relay yozimitsira injini muli kutali. Komabe onani kapepala ka m'bokosi, mitunduyi imasiyana nthawi zina. Njinga zambiri za kabureta zilibe pampu ya mafuta yoti relay iziizimitsa, choncho relay imaikidwa pa waya wa CDI, kabokosi kopereka moto ku pulagi. Musazimitse njinga ili paliwiro, mupha munthu. Ma tracker abwino amakana okha kuzimitsa injini mpaka liwiro litatsika pansi pa makilomita 20 pa ola.

Pobisa, pansi pa mpando ayi, wakuba aliyense amayambira pomwepo. Pansi pa thanki ayinso, chitsulo chimatchinga GPS. Sankhani kuseri kwa mapulasitiki, mbali ya antena iyang'ane kumwamba, kutali ndi injini yotentha. Mawaya ake muwakulunge ndi tepi yakuda pamodzi ndi a njinga kuti asaoneke achilendo. Molumikiza monse muwotcherere. Zongopota ndi manja zimamasuka m'mabampu, dzinja likafika dzimbiri n'kumaliza.

Che Mbewe:
Ndiwonjezere za batire, chifukwa apa m'pomwe ambiri amalira. Batire ya njinga imakhala ya 12V, 5Ah mpaka 7Ah. Tracker yosagona ikamadya 40mA, batire ya 5Ah imakhala itatha theka pasanakwane masiku atatu njinga ili chiimire. Yatsani sleep mode kuti izidzuka pokhapokha njinga yagwedezeka.

Njinga zambiri zimalira ndi kiki ngakhale batire itachotsedwa, ndipo akuba amadziwa zimenezi. Kabatire ka m'kati mwa tracker n'kakang'ono, sikapirira nthawi yaitali. Ndiye alamu ya kuduka kwa magetsi ikhale yoyatsa, ndipo SMS yake ikalowa usiku musadikire kuche.

SIM ikhale yolembetsa m'dzina lanu, yopanda PIN, ndipo APN, dzina lomwe SIM imalowera nalo pa intaneti ya kampani ya foni, ilembedwe molondola. Intaneti imadya yochepa, koma bandulo ikatha kapena mayunitsi a SMS akasowa, tracker imangoti zii. Pasiwedi yobwera nayo, monga 0000 kapena 123456, isintheni tsiku lomwelo. Mukaisiya, aliyense wodziwa nambala ya SIM ija akhoza kuilamula.

Mlongo wa pa Dedza:
AirTag ilibe GPS, achemwali. Imadalira Bluetooth ndi ma iPhone a anthu odutsa pafupi. M'tauni ikhoza kuoneka, koma kumudzi komwe iPhone n'njosowa izingoonetsa pomwe inamveka komaliza. Imachenjezanso munthu amene akuyenda nayo, ndiye kuti wakubayo adziwa.

Ya mawayayo nayo ili ndi malire ake. Njinga ikalowetsedwa m'nyumba ya malata, GPS imasokonekera ndipo tracker imayamba kuyerekeza malo potengera nsanja za foni. Apo ikhoza kuphonya ndi mamita mazana, kumudzi ngakhale makilomita. Musakaloze nyumba ya munthu chifukwa cha kadontho kameneko. Yang'anani mzere wa ulendo, pomwe GPS inalekera. Kwa ife a m'malire, njinga ikaolokera ku Mozambique kapena ku Zambia, SIM yopanda roaming imasiya kutumiza. Ikani geofence, mpanda wojambula pa mapu a pa foni, kuti foni ilire njinga ikaudutsa isanafike kumalire.

Ikabedwa, tengani foni, nambala ya chasisi ndi ya injini, mupite nazo kupolisi. Komwe kuli njingako nokha musapiteko, chonde. Ndipo mnyamata woyendetsayo mumuuze poyera kuti njinga ili ndi tracker, zilembedwe m'pangano lanu. Pomwe yabisidwa pokha ndi pomwe simunena.