Achimwene anga ali mu selo pa nkhani ya injini ya boti, avomere mlandu kapena akane?

Admin chonde ndibiseni dzina. Abale anga mu gulu muno ndithandizeni nzeru mutu wanga sukugwira. Achimwene anga ndi asodzi, amapha usipa cha ku Makawa uko, ndiye mwezi wathawu anagula injini ya boti kwa munthu wina amene anati wachokera ku Monkey Bay, akusiya usodzi akufuna ndalama yopitira ku Joni. Anapereka ndalama pamaso pa anthu awiri a padoko koma sanalemberane kanthu, mukudziwa mmene timagulitsirana zinthu kunyanja kuno. Lachisanu mmawa apolisi anabwera ndi mwini injiniyo, manambala akugwirizana, akuti inabedwa. Wogulitsa uja foni yake siikupezekanso. Lero Lachiwiri achimwene akadali mu selo, kukhoti sanapite, alamu anga akungolira ndi ana atatu ndipo ine ndi amene ndikumakasiya chakudya. Pali bambo wina amapezeka panja pa polisipo akuti timupatse ndalama atikonzera belo, komanso akuti achimwene akangovomera mlandu atuluka msanga poti injini yabwerera kale kwa mwini wake. Zoona zimenezi? Loya sitingamukwanitse. Achimwene sanabepo chinthu cha munthu chibadwire.

Mayi wa ku Namwera: Pepani achemwali. Koma bambo wa panjayo musamupatse olo 1 tambala, ameneyo ndi dobadoba. Belo ya kupolisi ndi yaulere, simugula. Pemphani muonane ndi wamkulu wa polisiyo nokha.

Mnyamata wa kabaza: Mungolipira basi munthu atuluke, selo si malo

Mayi wa ku Namwera: Ayi achimwene musawasokoneze, ndalama ipita munthu akhalabe momo, zikadziwika awonjezerapo mlandu wa ziphuphu.

Bambo wodziwa za malamulo: Chemwali, ine ndakhala ndikuthandiza anthu pa nkhani ngati izi ndiye mvetserani bwino. Constitution yathu ya 1994, gawo 42, imati munthu akamangidwa afike kukhoti pasanathe maola 48, ndipo maolawo akathera pa tsiku loti khoti silikugwira ntchito, apite tsiku loyamba limene khoti latsegula. Anawatenga Lachisanu, ndiye amayenera kuonekera kwa mejisitireti dzulo Lolemba. Pitani mawa mukafunse mwaulemu kuti apita liti kukhoti, mukatchule za maola 48 zo. Akafika kukhoti apemphe belo okha ndi pakamwa pawo, sizilira loya. Inu mukonzeretu abale awiri okawaimira, anthu okhazikika odziwika kwa amfumu, atenge ziphaso zawo za unzika. Ku khoti nkumene nthawi zina amatchula ndalama ya belo, imeneyo mumalipira ku ofesi ya khoti nkulandira risiti, muisunge bwino.

Tsono za kuvomerazi ndi pamene pandidetsa nkhawa. Mlandu wolandira katundu wakuba sugona pa kupezeka ndi katunduyo kokha, boma liyenera kuonetsa kuti munthuyo ankadziwa kapena anali ndi chifukwa choganizira kuti katunduyo ngobedwa. Ngati achimwene anu sankadziwa, akavomera ndiye kuti avomera chinthu chimene sanachite ndipo khoti silimvanso mboni, limangopita ku chilango. Inde wovomera amamuchepetserako chilango, koma mlanduwu anthu amapita nawo kundende, ndipo ukavomera wekha apilo yako ku High Court imakhala ya chilango basi, zoti sunalakwe zimavuta kuzibwezanso. Kubweza injini sikufafaniza mlandu. Funso langa, anagula pa mtengo wanji? Ngati unali wotsika kwambiri kuyerekeza ndi mmene injini zimagulidwira, woimira boma adzakakamira pamenepo.

Mwini positi: Zikomo bambo. Mtengo unali wotsikirako pang'ono poti injiniyo ndi yakale, inkavuta kulira, anakaikonzetsanso kwa makaniko. Koma Loweruka anawalembetsa sitetimenti ndipo anasaina, achimwene sukulu analekezera sitandade 4, Chingerezi sawerenga, akuti sanawawerengere. Pamenepa ndiye zawonongeka kale?

Bambo wodziwa za malamulo: Sizinawonongeke. Akafika kukhoti anene zimenezo poyera, kuti anasaina osadziwa zolembedwazo. Kuyambira pano asasainenso pepala lililonse asanaliwerengeredwe m'chilankhulo chimene akumva, ndipo ali ndi ufulu wokhala chete. Kukhoti kuli womasulira, ngati amamasuka bwino m'Chiyao anene. Makaniko uja ndi anthu awiri a padoko aja ndiwo mboni zanu, apezeni lero lomwe asanasamukire doko lina, asodzi mukuwadziwa amatsata nsomba. Nambala ya foni ya wogulitsa, ma meseji, ngati mbali ina ya ndalama inadutsa pa Airtel Money kapena Mpamba, zonsezo sungani osafufuta. Za loya pitani ku Legal Aid Bureau, ndi ya boma, inakhazikitsidwira anthu osakwanitsa kulipira loya. Komanso a PASI, bungwe lothandiza anthu pa nkhani za malamulo, amayendera ma selo ndi ndende, afunseni.

Mayi wina: Ine mwamuna wanga anavomera mlandu wa njinga yamoto chonchi pomvera anzake a mu selo, amati utuluka mawa. Anakakhala ku ndende, ana ndinalera ndekha nthawi yonseyo ndipo mpaka lero ntchito za ulonda amamukana akamva kuti anamangidwapo. Chemwali muwauze achimwene anuwo mawa pokasiya nsima, mu selo muli aphungu ambiri abodza.

Mwini positi: Mayi mwandiliza. Ndawaimbira amalume ku Malindi avomera kukawaimira pa belo, wachiwiri akhala apongozi awo. Mmodzi wa anthu a padoko aja ndamupeza, winayo akuti ali ku Makanjira ndi boti abwera Lachinayi. Mawa ndilawirira kupolisi 7 koloko. Funso lina bambo, akakana mlandu ndiye belo nkuwakaniza, ku rimandi angakhaleko nthawi yaitali bwanji mlandu usanayambe?